Khanda m'Manja mwa Mlezi Watsopano: Za Kudya ndi Tulo

Tchuthi cha uchembere chikatha, kapena mayi akafunika kubwerera kumsika, kusukulu kapena kuofesi, khanda limayamba kuswera m'manja mwa munthu wina. Nthawi zambiri amakhala agogo, amayi aang'ono, mtsikana wantchito, kapena alezi a kumalo osungirako ana m'tauni. Masiku oyamba sakhala ophweka. Mwana amene ankayamwa bwino amakana kapu. Amene ankagona kawiri masana amangolira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo usiku amadzuka pafupipafupi kufuna bere. Mayi amayamba kukayikira mlezi, mlezi naye amati mwanayo adamuzoloweza moipa.

Funso lake lili pawiri. Choyamba, kodi mwa zovutazi ndi ziti zimene zimatha zokha, nanga ndi ziti zimene zikusonyeza kuti china chake chalakwika? Chachiwiri, ndani ayenera kutsata mnzake: mwana azolowere kachitidwe ka mlezi, kapena mlezi aphunzire kachitidwe ka mwana? Zimene zadziwika mpaka pano zikuonetsa kuti khanda limatha kuphunzira njira ziwiri, ya amayi ake ndi ya mlezi, popanda kusokonezeka. Chimene limafuna ndi nthawi yoti limudziwe munthuyo. Koma pali zinthu zochepa zokhudza moyo wake zimene ziyenera kukhala chimodzimodzi m'manja mwa aliyense, ndipo pa zimenezo palibe kunyengererana.

Kumene nkhaniyi yachokera

Kulera mwana anthu ambiri si chinthu chatsopano kwathu kuno. M'midzi ya chikamwini, mkazi amabereka ali pakati pa abale ake, ndipo khanda limadutsa m'manja mwa agogo, amayi aakulu, amayi aang'ono ndi atsikana a pamudzi lisanathe n'komwe mwezi. Kwa anzathu a chitengwa apongozi ndi azakhali amachita zomwezo. Kusiyana kwake ndi lero n'kwakuti anthu amenewa mwana ankawadziwa chibadwire, ndipo bere silinkapita patali. Mayi akamalima, khanda linkakhala kumbuyo kwake kapena pamthunzi m'mphepete mwa munda ndi mlezi wake, ndipo likalira ankangomubweretsera. Chatsopano ndi mtunda ndi kutalika kwa maola. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amanyamuka m'mamawa kukakwera minibasi n'kubwera kutada, ndipo wotsala ndi mwana nthawi zina ndi mtsikana amene wafika kuchokera kumudzi dzana lomweli.

Chinthu china chimene chidabwera ndi wotchi. Mu 1894 dokotala wa ku New York, Luther Emmett Holt, adalemba buku lolangiza amayi kuti azidyetsa ana pa nthawi zoikika. Ku New Zealand, Truby King, amene adayambitsa bungwe la Plunket mu 1907, ankaphunzitsa kuti khanda liziyamwa pakatha maola anayi alionse ndipo usiku lisapatsidwe kanthu. Maganizowa adafalikira m'maiko ambiri olankhula Chingelezi. Benjamin Spock adayamba kuwafewetsa ndi buku lake la mu 1946, ndipo lero bungwe la WHO limalangiza kuti khanda liziyamwa nthawi ina iliyonse likafuna, usana ndi usiku. Komabe maganizo a wotchi sadatheretu. Amabwerera mosavuta pamene munthu mmodzi akusamala ana angapo, kapena akulera uku akuchapa ndi kuphika.

Malamulo a ntchito nawo ali ndi mbali yake. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limapereka kwa mayi tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu. Ogwira ntchito m'boma amapatsidwa masiku 90. Koma malangizo a zaumoyo amati mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6. Apa pali mpata wa miyezi itatu kapena inayi pamene mayi ali kuntchito koma mwana akudalirabe mkaka wa m'mawere wokha. Mu 2021 lamuloli lidakonzedwa, n'kupereka kwa mayi woyamwitsa mphindi 30 kawiri pa tsiku zoti ayamwitse, komanso masabata awiri a tchuthi kwa bambo. Amayi ochuluka, amene amagulitsa pamsika kapena kugwira maganyu, alibe tchuthi china chilichonse. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo adapeza kuti mu 2010 ana 71 mwa 100 alionse osakwana miyezi 6 ankayamwa mwakathithi, koma mu 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 61. Zifukwa zake n'zambiri, koma tsiku limene mwana wasiyidwa koyamba ndi limodzi mwa masiku amene phala ndi madzi zimalowa msanga.

Zimene zimachitika mwa mwanayo

Kafukufuku wina wofunika kwambiri pa nkhani ya ubale wa khanda ndi womulera adachitikira mu Africa muno. Mu 1954 ndi 1955, Mary Ainsworth ankayendera mabanja a m'midzi yoyandikana ndi Kampala ku Uganda, kuonerera makanda ndi amayi awo. Adaona kuti mwana amene mayi ake amamumvetsa bwino ndiye amene amalira pang'ono, ndipo amakwawa kupita patali molimba mtima chifukwa akudziwa kumene angathawire. Ku Glasgow, Rudolph Schaffer ndi Peggy Emerson adatsatira makanda 60 ndipo mu 1964 adalengeza kuti pofika miyezi 18 ana ambiri amakhala atagwirizana ndi anthu angapo, osati mayi yekha. Amene mwana ankamukonda sanali kwenikweni womudyetsa, koma womumvetsa ndi kusewera naye. Phunziro lake n'lakuti kukonda mlezi sikuchotsa kanthu pa chikondi cha mwana kwa mayi ake.

Msinkhu umasintha zambiri. Khanda la miyezi iwiri kapena itatu limadziwa fungo ndi mawu a mayi ake, koma siliopa mlendo kwenikweni. Vuto lalikulu pa msinkhu umenewu ndi kadyedwe. Kuyambira cha m'miyezi 7 kapena 8, mwana amayamba kuzindikira kuti chinthu chimene sakuchiona chikadalipo kwinakwake. Mayi akatuluka, iye amadziwa kuti alipo koma sadziwa kuti abwera liti. Mantha osiyana ndi mayi amakula kuyambira pamenepa, ndipo amafika pachimake pakati pa miyezi 10 ndi 18. Choncho mwana wa chaka chimodzi akhoza kuvuta kwambiri kuposa wa miyezi itatu, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti adaleredwa moipa.

Mantha amenewa amaoneka ndi m'thupi momwe. Lieselotte Ahnert ndi anzake adayeza malovu a ana 70 a miyezi 15 amene ankayamba kupita kumalo osungirako ana ku Berlin, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2004. Mahomoni a nkhawa otchedwa cortisol ankakwera kwambiri m'masiku oyamba osiyana ndi mayi. Adapezanso kuti pamene mayi adakhala masiku ambiri akuperekeza mwana asanayambe kumusiya yekha, ubale wa awiriwo unkakhalabe wolimba. Thupi likakhala tcheru chonchi, njala imachepa ndipo tulo sitibwera. Ndiye chifukwa chake kukana kudya ndi kukana kugona zimayendera limodzi m'sabata yoyamba. Zonse ziwiri zimayamba kukonzeka mwana akayamba kumukhulupirira mlezi.

Mkaka pamene mayi palibe

Kwa mwana wosakwana miyezi 6, funso loyamba ndi lakuti adya chiyani masana. Yankho labwino ndi mkaka wa mayi ake womwe, wofinyidwa. Bere limapanga mkaka malinga ndi umene wachotsedwa. Mayi akakhala tsiku lonse osayamwitsa kapena kufinya, thupi limaona ngati mkaka sukufunika ndipo limayamba kuchepetsa. Choncho kufinya kuntchito, pakatha maola atatu alionse ngati n'kotheka, kumathandiza pawiri: kumapereka chakudya cha mawa ndiponso kumasunga mkaka kuti usaume. Kufinya ndi manja kumatheka bwino popanda makina, ndipo anamwino kusikelo amaphunzitsa. Ndi luso lofuna kuyamba kuliyeserera kudakali masabata awiri kapena atatu tchuthi chisanathe.

Khanda la pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 limamwa pafupifupi mamililita 750 pa usana ndi usiku. Mayi akachoka maola 9 kapena 10, makapu ang'onoang'ono atatu kapena anayi a mamililita 80 mpaka 100 amakwanira ana ambiri. Ndi bwino kusunga mkakawo m'tizigawo ting'onoting'ono totseka bwino, kuti wotsala usatayike wambiri. Pamalo pozizira bwino m'nyumba mkaka wofinya umakhala maola anayi, ndipo malangizo ena amalola kupitirirapo pang'ono ngati wafinyidwa mwaukhondo. M'firiji umakhala masiku anayi. Nyengo yotentha ya mu Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, ndi bwino kutsata nthawi yaifupiyo. Ena amaika kapu yotseka m'mbale ya madzi ozizira pamthunzi kuti isatenthedwe. Potenthetsa, mlezi aike kapuyo m'madzi ofunda. Asawiritse mkakawo pamoto, chifukwa kutero kumaononga zoteteza ku matenda zimene zili m'menemo. Mkaka ukakhala umalekana, mafuta n'kuyandama pamwamba. Sikuti waonongeka, umangofunika kuugwedeza pang'ono.

A zaumoyo amalimbikitsa kapu kuposa botolo, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi ukhondo. Botolo ndi nsonga yake zimavuta kutsuka, ndipo kumene madzi ndi makala zili zoperewera, botolo losawiritsa limabweretsa matenda otsekula m'mimba. Pomwetsa ndi kapu, mwana akhale chokhala pamiyendo ya mlezi, ali maso. Kapu igunde mlomo wam'munsi ndipo ipendeketsedwe mpaka mkaka ungokhudza mlomowo. Mwana amanyambita kapena kupsontha yekha. Mlezi asathire mkaka m'kamwa mwake. Pali kusagwirizana pa nkhani yakuti botolo limachititsa mwana kukana bere. Ena amati limatero chifukwa mkaka wa m'botolo umatuluka mosavuta, ena amati ana ambiri amasinthasintha popanda vuto kuyamwa kukakhazikika. Banja likasankha botolo, mwana amwe ali chokhala, botolo litagonekedwa chopingasa kuti mkaka uzituluka pang'onopang'ono, ndipo lisamatsamiritsidwe pa pilo mwana n'kusiyidwa yekha.

Ana ambiri amakana kapu ikakhala m'manja mwa mayi, popeza akumva fungo la bere pafupi. Zimayenda bwino mlezi akayesa mayi atatuluka panja, ndiponso mwana asanafike polira ndi njala. Khanda lanjala limayamba ndi kutembenuza mutu uku ndi uku, kuyamwa zala ndi kutsegula kukamwa. Kulira kumabwera pomaliza, ndipo mwana wolira saphunzira chatsopano. Ena amamwa pang'ono chabe masana n'kudikira mayi, kenaka n'kuyamwa kwambiri madzulo ndi usiku wonse. Zimenezi zimatopetsa mayi, koma sizoopsa ngati mwana akukodza bwino ndipo sikelo ikukwera.

Choopsa chenicheni m'masiku amenewa ndi chifundo cha mlezi. Mwana akalira kwambiri, mtima umamuuza kuti amupatse madzi, tiyi kapena phala lamadzimadzi. Zinthu zimenezi zimadzaza kamimba popanda kupereka chakudya chokwanira, zimachepetsa kuyamwa, ndipo zimalowetsa tizilombo. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira ngakhale kutatentha bwanji. Kwa mayi amene ali ndi HIV, kusakaniza mkaka ndi zakudya zina miyezi 6 isanakwane kumaonjezera mpata woti mwana atenge kachilomboko. Kuyambira mu 2011 amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV m'Malawi amayamba kumwa ma ARV moyo wawo wonse ndipo amayamwitsa, koma ana awo amakhalanso ndi mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku. Ngati nthawi ya mankhwalawo ikugwa masana, mlezi ayenera kudziwa mlingo ndi nthawi yake. Chifukwa cha HIV yomweyi, mwambo wakale woti mayi wina apereke bere lake kwa khanda lolira si woyeneranso kuutsata.

Kumene mkaka wa m'chitini ukugwiritsidwa ntchito, mlezi aonetsedwe kasungunulidwe kake ndi maso, osati kungouzidwa. Madzi awire, mlingo wa ufa ukhale wolembedwa pachitinipo, ndipo wotsala ukatha maola awiri utayidwe. Chitini n'chodula, ndipo kuchulutsa madzi kuti chikhalitse kumaondetsa mwana.

Phala ndi zakudya zina

Miyezi 6 ikakwana, mwana amayamba kudya uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Wa miyezi 6 mpaka 8 amadya kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyambira masupuni awiri kapena atatu. Kuyambira miyezi 9 amadya katatu kapena kanayi, ndi kachipatso pakati. Phala likhale lolimbirapo, losayenderera pasupuni, la mgaiwa kapena Likuni Phala, lothira nsinjiro, dzira, ufa wa usipa kapena masamba osinja, monga mwa magulu 6 a zakudya amene amaphunzitsidwa kusikelo. Ngati n'kotheka, kuyamba phala ndi kuyamba mlezi zisagwe sabata imodzi.

Kadyetsedwe ndi kumene mabanja amasiyana kwambiri. Pali chizolowezi chomugoneka mwana pamiyendo, kumugwira manja n'kumamuthira phala m'kamwa, nthawi zina mpaka kumutseka mphuno kuti ameze. Cholinga chake n'chabwino, kuti mwana akhute, koma phala likhoza kulowa m'mapapo, ndipo mwana amaphunzira kuopa supuni. Njira yolangizidwa ndi yoleza mtima: mwana akhale chokhala, akhale ndi mbale yakeyake kuti zioneke kuti wadya zochuluka bwanji, mlezi azimuyang'ana ndi kumulankhula, ndipo akatembenuza mutu kapena kutseka pakamwa apume kaye. Chakudya chatsopano mwana akhoza kuchikana kangapo konse asanachilandire. M'sabata yoyamba, mbale, supuni ndi phala zimene adazolowera kwa mayi ake zimathandiza. Mtedza wosasinja ndi chimanga chokazinga zimatsamwitsa, uchi saloledwa chaka chisanakwane, ndipo tizakudya ta m'mapepala togula paokala timatseka njala popanda kumanga thupi.

Tulo

Zinthu ziwiri zimabweretsa tulo. China ndi kutopa kumene kumaunjikana mwana akakhala maso. China ndi wotchi ya m'thupi, imene imayamba kusiyanitsa usana ndi usiku pa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo imatsata kuwala, phokoso ndi nthawi ya kudya. Malangizo a WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana miyezi inayi amagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, wa miyezi 4 mpaka 11 maola 12 mpaka 16, ndipo wa chaka chimodzi kapena ziwiri maola 11 mpaka 14, kuphatikiza tulo ta masana. Tulo ta khanda timayenda m'zigawo za mphindi pafupifupi 50 kapena 60. Chigawo chikatha mwana amatsitsimuka pang'ono, ndipo akapeza kuti chimene chidamugonetsa palibe, amadzukiratu. Mwana amene amagonera pabere ndiye amavutika kwambiri mayi akachoka.

Apa m'pamene mlezi ayenera kupatsidwa ufulu wopeza njira yake. Alibe bere, koma ali ndi msana, chitenje, nyimbo ndi kuyendayenda pabwalo. Ana amaphunzira msanga kuti kwa amayi timagona chonchi, kwa agogo timagona mwakuti. Chimene chimathandiza ndi kusunga dongosolo la zochitika, osati ola lenileni: kudya, kusintha thewera, kanyimbo komweko, malo omwewo. Chitenje chimene mayi wagona nacho chimakhala ndi fungo lake, ndipo kuberekera mwana chimenecho kumamukhazika mtima pansi. Mayi amuuze mlezi zizindikiro za tulo za mwana wake, monga kuyasamula, kutikita maso, kukoka khutu kapena kuyang'ana kumbali, chifukwa mwana amene wapitirira nthawi yake amalira kwambiri ndipo amavuta kugoneka. M'masabata oyamba tulo ta masana timafupika, ndipo kumugoneka msanga madzulo kumabwezera zimene zatayika.

Ufulu umenewu uli ndi malire. Khanda losakwana chaka ligonekedwe chagada nthawi zonse, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo kapena bulangeti lofika kumaso. Dziko la Britain litayamba kulengeza zimenezi mu 1991, ndi America mu 1994, imfa zadzidzidzi za makanda m'tulo zidatsika ndi theka kapena kuposa. Chofunika kwambiri pa nkhani yathuyi n'chakuti ngozi imakula zedi pamene mwana wozolowera kugona chagada wagonekedwa chafufumimba ndi munthu wina. Kafukufuku wa Rachel Moon ndi anzake wa mu 2000 adapeza kuti ku America imfa imodzi mwa zisanu zoterezi inkachitika mwana ali m'manja mwa alezi. Agogo ambiri amaopa kuti mwana wogona chagada atsamwa akasanza. Manthawo ndi omveka ndipo afunika kuyankhidwa mwaulemu: mwana akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba pa njira ya chakudya, choncho zobwerera kukhosi zimatsikira kummero osati kumapapo. Mwana akafika podzitembenuza yekha mbali zonse, safunika kumubwezabweza.

Wogona kumbuyo naye afunika kumuyang'anira. Mphuno ikhale poyera, chibwano chisatsamire pachifuwa, ndipo mlezi asawerame naye pamoto. Tulo ta chakumadzulo tikhale m'neti. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka mmene mwana wagona, chifukwa mpweya wake umapha mosanunkha. Ndipo palibe mankhwala ogonetsera mwana. Piriton, mankhwala a chifuwa kapena kadontho ka mowa zoperekedwa kuti mwana asasokose zikhoza kufooketsa kapumidwe kake. Mwana amene akupezeka ali m'tulo tofa nato tsiku lililonse mayi akabwera, wovuta kudzutsa, afunika kufufuzidwa.

Pamene anthu amasiyana maganizo

Mkangano wa wotchi udakalipo. Malo osungirako ana amafuna nthawi imodzi yodyera ndi yogonera kuti ntchito iyende. Kwa mwana wopitirira chaka zimenezi zimatheka, ndipo nthawi yake ikhoza kusunthidwa pang'onopang'ono, mphindi 15 pa masiku angapo alionse. Kwa khanda losakwana miyezi 6, kudikiritsa njala chifukwa ola silinakwane n'kulakwa.

Wachiwiri ndi wa kumuleka mwana alire mpaka agone yekha, njira imene idatchuka ndi buku la Richard Ferber la mu 1985. Akafukufuku a ku Australia amene adatsatira ana ophunzitsidwa motere sadapeze kuti adaonongeka. Otsutsa amati kuleka kulira sikusonyeza kuti nkhawa yatha. Mulimonsemo, kafukufukuyo adachitika pa ana opitirira miyezi 6, ali kwawo ndi makolo awo. Sanena kanthu za khanda losiyidwa kulira m'manja mwa munthu amene silikumudziwa. Pa nthawi yozolowerana, kunyamula mwana akalira ndiyo ntchito yeniyeni ya mlezi, ndipo sikumuononga.

Wachitatu ndi wa kugona pamphasa kapena pabedi limodzi. Madokotala a ana a ku America amaletsa, pamene akatswiri ena amati kumathandiza kuyamwitsa ngati kuchitika mosamala. Kwathu kuno mayi ndi khanda amagona m'neti imodzi, ndipo kwa mayi wogwira ntchito usiku ndiyo nthawi yobwezera kuyamwitsa. Onse amagwirizana pa zoopsa izi: kugona ndi khanda pasofa, kugona nalo munthu ataledzera kapena ali wosuta fodya, ndiponso ngati lidabadwa masiku osakwana. Mlezi kapena ana ena asagone pogona pamodzi ndi khanda laling'ono.

Makolo ambiri amafunsanso ngati kusiya mwana ndi mlezi kumaononga ubale wawo. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene adayamba mu 1991 ndi ana oposa 1,300 adapeza kuti chachikulu ndi mmene mayi amamumvetsera mwana akakhala naye. Vuto linkaoneka pamene kusamvetsera kunyumba kwakumana ndi chisamaliro chosalongosoka kapena kusinthasintha alezi.

Masiku oyamba

Ku Germany kuli njira yodziwika, yotchedwa ndi dzina la mzinda wa Berlin, imene malo ambiri osungirako ana amatsata. Masiku atatu oyamba kholo limakhala pomwepo ola limodzi kapena awiri, osachoka. Tsiku lachinayi limatuluka kwa mphindi zochepa. Ngati mlezi watha kumutonthoza mwana, nthawi imaonjezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo ngati walephera amabwerera m'mbuyo. Zonse zimatenga sabata imodzi mpaka itatu. Muyeso wake si wakuti mwana asalire ayi, koma kuti alole kutonthozedwa ndi mleziyo.

Pakhomo zimenezi n'zotheka. Mlezi afike kudakali masabata awiri. Poyamba azingoonerera ndi kusewera ndi mwana mayi ali pomwepo, kenaka ayambe kumusambitsa, kumubereka, kumumwetsa, ndipo pomaliza kumugoneka. Mayi ayambe wapita kumsika, kenaka theka la tsiku. Amene alibe masabata awiri agwiritse ntchito Loweruka ndi Lamulungu, ndipo masabata awiri a bambo aja akhoza kuthandiza pamenepa ngati abwana alola kuwasunga.

Pochoka, mayi ayamwitse, atsanzike mwachidule ndi mawu omwewo tsiku lililonse, n'kupita. Kuzemba mwana akuyang'ana kumbali kumapewetsa kulira kwa tsiku limenelo, koma kumamuphunzitsa kuti mayi akhoza kusowa nthawi ina iliyonse, ndipo amayamba kukakamira chitenje ngakhale mayi akungopita kubafa. Pobwera, ana ambiri amalira akangoona mayi ngakhale aswera bwino. Kumeneko ndi kutula nkhawa kwa munthu amene amamudalira kwambiri, ndipo si umboni woti mlezi wamuzunza.

Mlezi ndi banja

Zonsezi zimadalira kumvana kwa akuluakulu. Kafukufuku wa Rachel Bezner Kerr ndi anzake ku Ekwendeni adaonetsa kuti agogo, makamaka a kuchimuna, ali ndi mawu aakulu pa nthawi yoyambira phala ndi pa mankhwala azitsamba opatsa makanda. Uphungu wopita kwa mayi yekha sufika patali ngati wotsala ndi mwana ndi apongozi ake. Mtengwa sangalamule apongozi, koma akhoza kunena kuti, "Amayi, kusikelo atiuza kuti timudikire kaye mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Tipitire limodzi mwezi uno mukamve nokha." Bambo wa mwana ali ndi udindo wolankhula ndi amayi ake pa zimenezi, osamusiyira mkazi yekha. Pa kubereka, kutonthoza ndi kuzindikira mwana wodwala, agogo amadziwa zambiri, ndipo ndi bwino kuwauza choncho.

Kwa mtsikana wantchito nkhani ndi ina. Munthu mmodzi sangachape, kukolopa, kuphika, kukatenga ana kusukulu n'kumayankhanso khanda nthawi iliyonse likalira. Banja lisankhe chimene chili patsogolo ndipo linene momveka kuti mbale zikhoza kudikira. Msinkhu nawo ndi wofunika. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mwana woyenera kukhala pasukulu sangasenze moyo wa khanda tsiku lonse. Malipiro apanthawi yake, chakudya chokwanira ndi tsiku lopuma zimasunga mlezi pakhomo, ndipo mlezi aliyense akachoka mwana amayambiranso poyamba. Mlezi auzidwenso kuti kulira kukamukwana, amugoneke mwana chagada pamalo abwino, atuluke panja mphindi zochepa, aimbe foni. Asamugwedeze mwamphamvu, chifukwa kutero kumatha kutulutsa magazi mu ubongo wa khanda. Madzulo alionse awiriwa akambirane mwachidule: wamwa kangati, wagona liti, matewera anyowa angati. Mlezi amene amakalipiridwa akanena zoona amaphunzira kubisa.

Pamene si nkhani ya kuzolowera

Ana ambiri amakhazikika pakati pa masabata awiri ndi anayi, ena mochedwerapo. Zizindikiro zake ndi zakuti kulira kwa m'mawa kumafupika, mwana amasewera, amakweza manja kwa mlezi, ndipo amadya ndi kugona ngakhale mosafanana ndi kwa mayi. Khanda lomwa mokwanira limanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa usana ndi usiku, ndipo mzere wa m'buku la kusikelo umakwera mwezi ndi mwezi.

Zina si zodikira. Mwana akakaniratu kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akafooka mosadzutsika, akamapuma mothamanga kapena movutikira, akatentha thupi, akamatsekula m'mimba maso ndi liwombo n'kulowa, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Mlezi adziwe kumene kuli buku la kuchipatala, akhale ndi nambala za makolo ndi ndalama yoyendera, ndipo auzidwiretu kuti pa zoterezi asadikire chilolezo. Ngati mwezi wapitirira mwana akadali wamantha pamaso pa mlezi, sikelo yaima kapena ikutsika, kapena pathupi pakuoneka mabala osafotokozeka, makolo afike pakhomo nthawi yosayembekezeka, aonane ndi a zaumoyo, ndipo ngati kuli kofunika asinthe mlezi. Posintha, watsopanoyo apatsidwenso masiku ake ozolowerana ndi mwana kholo lili pomwepo.